Tinakhetsa misozi pamanda opanda mwini

Apongozi anga aamuna atapuma pantchito anayamba kufunitsitsa kudziwa kumene anagona makolo awo, ndipo poti m'banjamo amene amakhalitsa pa kompyuta ndine, ntchitoyo inagwera ine. Mkazi wanga ndi wa ku America, choncho makolo ake ali m'mabuku a kalembera wa kumeneko. Wofunidwayo anali bambo wa agogo awo a apongoziwo. Banja linkangodziwa kuti mkuluyo anali mlimi ndipo anakwatira kawiri. Mkamwini wofuna dzina sakana ntchito yotere.

Kalembera wa ku America amachitika pakatha zaka 10 zilizonse kuyambira 1790, ndipo mapepala ake amatsegulidwa kwa anthu pakatha zaka 72. A 1950 anatuluka mu 2022. Zithunzi za masamba ake zimaonedwa ulere pa webusaiti yofufuzira makolo ya FamilySearch. Njira yake ndi kuyamba ndi munthu amene mukumudziwa bwino n'kumabwerera m'mbuyo, kalembera mmodzi mmodzi, kuyang'ana ngati mayina a ana ndi zaka zawo zikugwirizana.

Mkuluyo ndinamupeza mu 1880, chaka choyamba chimene ankalemba ubale wa aliyense ndi mwini nyumba. Anali ndi zaka 24, mkazi wake Mary zaka 22, ndi khanda limodzi. Kenako pali dzenje limene aliyense wofufuza za makolo kumeneko amalidziwa: mapepala ambiri a 1890 anawonongeka ndi moto wa mu 1921 ku Washington. Umadumpha zaka 20 uli chitsinzire. M'zaka zimenezo munthu akhoza kuferedwa, kukwatiranso, kusamuka ndi kubereka ana ena, iwe osaona kanthu.

Mu 1900 ndinamupezanso, mkazi wake ndi Mary yemwe. Ndinati zatheka. Zoona, Mary ameneyu anali ndi zaka 34 m'malo mwa 42, koma ndinauza mkazi wanga mwaukatswiri kuti amayi kubisa zaka sanayambe lero. Mu 1910 pa dzina la mkuluyo panali M2, kusonyeza ukwati wachiwiri, ndipo mkazi analembedwa kuti Polly. Nkhani inatha: Mary anamwalira pambuyo pa 1900, mkuluyo n'kutenga Polly. Agogo a apongozi anabadwa mu February 1893 (kalembera wa 1900 amatchula mwezi ndi chaka chobadwa), ndiye mayi wawo ndi Mary.

Pa webusaiti ina ya manda, yomwe amadzaza ndi anthu ongodzipereka, ndinapeza chithunzi cha mwala umodzi wa anthu awiri, mkuluyo ndi Mary, ndipo wolembayo anaika kuti mayiyo anamwalira mu 1908. Zonse zinalowana bwino lomwe. Ndinasindikiza mtengo wa banja pa pepala lalikulu, apongozi n'kuliika m'felemu.

Tsiku lopita kumandako apongozi anavala tayi. Anaitana alongo awo ndi adzukulu, anagula nkhata yaikulu ya maluwa yoti inakwera pampando wakutsogolo, ine n'kukhala kumbuyo. Mwalawo tinaupeza utapendekeka pang'ono, ndere zitadzaza m'zilembo. Apongozi anavula chipewa n'kuyamba kulankhula ndi makolo awo, mawu akunjenjemera. Azakhali a mkazi wanga anali atayamba kale kufwenthera.

Ine ndinagwada pambali kuti ndiyeretse mwala, anthu aone kuti mkamwini ndi wodziwa zinthu. Mwala wakale sufuna bulichi, sopo wamphamvu kapena burashi yawaya, chifukwa umafumbutuka. Umaunyowetsa ndi madzi okhaokha, n'kupukuta ndi burashi yofewa kuyambira pansi kukwera m'mwamba. Zilembo zikafufutika umawunikira ndi tochi kapena galasi kuchokera chammbali, kuti mthunzi ugwere m'mizere. Ndinatero. Manambala anatuluka bwinobwino ngati alembedwa dzulo: 1888.

Ndinazimitsa tochi. Ndinayatsanso kuchokera mbali inayo. 1888 yemweyo.

Mdzukulu wina wa sukulu, wa masamu ofulumira mopanda ulemu, anali atasuzumira paphewa panga. "Ankolo, ngati anamwalira mu 1888, mwana wa 1893 anamubereka bwanji?"

Apongozi anasiya chiganizo pakati. Ndinayesa kuwakokera ku mbali ya mkuluyo, koma kumeneko kunali dzina ndi chaka chobadwa, pa chaka chomwalira pali see. Pa chithunzi chija ndinali nditaona, ndipo ndinali nditafotokozera banja lonse kuti mwina ndalama zolipira wozokota zinatha.

Woyang'anira manda anatilowetsa mu kaofesi kake n'kutulutsa kaundula wa oikidwa. Buku limeneli ndi limene limanena zoona, chifukwa mwala umangonena zimene woguula ankalakalaka. Limalemba chigawo, nambala ya puloti, nambala ya manda, tsiku loika maliro, ndipo kawirikawiri mwini pulotiyo. Analoza ndi chala. Puloti ya anthu awiri, yogulidwa ndi mkuluyo mu 1888, woikidwamo mmodzi. Anati zimenezi n'zosadabwitsa: mwamuna akaferedwa ali wamng'ono amazokotetsa dzina lake pambali pa mkazi wake chisoni chikadali chachikulu, kenako amakwatiranso, amasamuka, ndipo amene amasankha kokamuika ndi mkazi wachiwiri ndi ana ake.

"Mkamwini," anatero apongozi mwakachetechete, "ndiye kuti ine ndimalankhula ndi ndani?"

"Ndi mkazi woyamba, bambo."

"Amene si mbale wanga."

"Ndi mbale wanu mwa ukwati, bambo."

Azakhali anapinda kampango kawo n'kukabwezera m'chikwama.

Usiku umenewo ndinatsegula zithunzi zenizeni za masamba aja m'malo mwa chidule chimene makina ofufuzira amaonetsa. Chidulecho chimakupatsa dzina, zaka ndi malo, koma mizere yofunika ili pa tsamba lenilenilo. Mu 1900 muli mzere wa zaka zimene awiriwo akhala pabanja: 9. M'nyumbamo munali mwana wa zaka 20. Mzere wina umafunsa mayi kuti wabereka ana angati ndipo amoyo ndi angati: 3 ndi 3, pomwe ana olembedwa anali 6. Mu 1910 zaka za ukwati zinali 19, mkuluyo M2, mkazi M1. Polly ndi dzina lachibwana la Mary, monga Peggy ali wa Margaret ndi Sally wa Sarah, ndipo wolemba kalembera ankalemba zimene wamuuza amene wamupeza pakhomo, nthawi zina ngakhale woyandikana nawo nyumba. Mkuluyo anakwatira a Mary awiri, dzina lomwe pa nthawiyo linali lofala kuposa onse a akazi. Awiriwo ndinawaphatikiza kukhala mmodzi, wachiwiriyo n'kumudula pakati.

Zotsalazo zinayenda msanga. Maukwati kumeneko amasungidwa ku ofesi ya county (chigawo chofanana ndi boma la DC kwathu), nthawi zambiri ya kwawo kwa mkazi, ndipo pamafunika kuona mapepala awiri: chilolezo, ndi umboni wa m'busa kapena woweruza woti ukwati unamangidwadi. Wa 1891 unapezeka ku county yoyandikana nayo. Satifiketi ya imfa ya mkuluyo inatchula malo oikidwa ndi amene anayendetsa maliro, mzere umene ndikanayamba nawo tikanasunga petulo. Anagona kumanda ena kutali ndithu, pambali pa Mary wachiwiri.

Apongozi anati maluwa aja anali a bambo wa agogo awo, ndipo ayenera kuwalandira. Wokawatenga anali ine. Ndinanyamula nkhata pamanda masana dzuwa likuswa mtengo, mayi wina wothirira maluwa chapafupi akundiyang'ana ngati wagwira mbala, n'kutulutsa foni kundijambula.

Kumanda enieniwo kunalibe mwala uliwonse, kapinga yekhayekha. Woyang'anira anabwera ndi mapu ndi tepi, anayeza kuchokera pa kachikhomo ka pangodya ya puloti, n'kuponda ndi phazi kuti apa. Ndinatsegula pakamwa kuti nditsimikize. Apongozi anandiimika ndi dzanja, anavala magalasi, anawerenga okha mzere wa m'kaundula kawiri, kenako anapatsa mdzukulu wa masamu uja kuti awerengenso asanavule chipewa.