Tsidya lino ndi tsidya lija la Songwe

Abale anga, tisamangovomereza mawu akuti zinthu zakwera mtengo paliponse. Zakwera inde, koma liwiro lake likusiyana kutalitali mu Africa momwe muno.

M'chaka cha 2024 mitengo ya katundu ku Malawi inkakwera ndi maperesenti opitirira 30 pachaka. Mukangowoloka mtsinje wa Songwe kulowa ku Tanzania, inkakwera ndi 3 yokha. Maiko oyandikana chonchi! Ku Nigeria nako idapitirira 30, boma la Pulezidenti Tinubu litasiya kuthandizira mtengo wa petulo mu 2023. Pomwe maiko ngati Benin ndi Senegal, amene ndalama yawo ya CFA idamangiriridwa ku euro, mitengo idangosuntha pang'ono.

Kwathu kuno nkhani yagona pa ndalama zakunja. Mafuta, feteleza, mankhwala, zonse timagula ndi madola, pomwe chotibweretsera madola kwenikweni ndi fodya. Kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi maperesenti 44 mu November 2023, m'magolosale mitengo idasintha pompo, malipiro ali pomwepo. Kenako chilala cha El Niño chidapsereza chimanga, ndipo chimanga chikakwera palibe banja lopulumuka. Anzathu a ku Zambia chilalacho chidawakhudzanso kwambiri, mpaka magetsi ochokera ku damu la Kariba kuperewera, komabe mitengo yawo sidathamange ngati yathu.

Chimandipweteka ndi cha mayi wogulitsa tomato: ndalama yapikulira dengu lero, mwezi wamawa siyikwanira dengu lomwelo. Ulimi wamthirira ndi katundu wotumiza kunja, atsogoleri atiuze afika nazo pati.