Mageji atatu pa Tazz: pamene ntchito yafika

Galimoto yathu ya Toyota Tazz 130 tsopano ili ndi mageji atatu a 52 mm pamwamba pa dashibodi: ya mphamvu ya oyilo, ya kutentha kwa madzi ndi ya vakyumu (mphamvu imene injini imayamwira mpweya). Onse akuwerenga. Chowamangira chake akuchidziwa aliyense amene anadutsapo pa Musina mu Disembala, galimoto italemedwa ndi katundu wa kumudzi. Kagetsi ka oyilo kamene kanabwera ndi galimoto kamayaka mphamvu itagwa kale pansi pa theka la bar (muyezo wa mphamvu yokankha ya oyilo), ndipo pamenepo injini imakhala itayamba kudzidya.

Geji ya oyilo tatenga yamagetsi, yowerenga kudzera pa sensa, kachipangizo koyezera komangidwa pa injini. Zilipo zotchipa zokoka oyilo weniweni pa kapaipi ka pulasitiki mpaka mkati mwa galimoto, koma kakang'aluka, oyilo wotentha amathira kumapazi kwa dalaivala injini n'kuuma. Imeneyo ayi.

Pamene ambiri amaonongera ndi pa mazinga. Masensa ambiri a m'mashopu a masipeya kuno ku Joni amabwera ndi mazinga a 1/8 NPT, pomwe bowo la switch yoyatsa kagetsi ka oyilo pa injini za Toyota ndi la mazinga a mtundu wina, 1/8 BSPT. Ndi maso simungasiyanitse: NPT ili ndi mazinga 27 pa inchi, BSPT 28. Sensa imalowa bwinobwino kawiri katatu kenako n'kulimba, ndipo mukakakamiza ndi sipanala mwapha mazinga a pa block, thupi la injini. Ena amamangapo cholumikizira cha brass chooneka ngati T kuti switch ndi sensa zikhale pamodzi. Imagwira miyezi ingapo, koma sensa ndi yolemera, injini imanjenjemera, T ija imadzathyokera pakhosi tsiku lina pa msewu wa N1.

Ife tadzera pa sandwich plate, mbale ya aluminiyamu yolowa pakati pa fyuluta ya oyilo ndi injini. Ya Toyota iyi mazinga ake ndi 3/4-16, ya M20x1.5 ndi ya magalimoto ena monga Honda, musasokoneze pogula. Mbaleyi imakankhira fyuluta kunja masentimita pafupifupi atatu, choncho yang'anani kaye ngati malo alipo. Pakani oyilo pa O-ring musanamange, bowo lotsala mutseke ndi pulagi yake. Switch yakale isakhudzidwe, kagetsi kaja kazigwirabe ntchito.

Injini itatentha, pa idle (ikulira osaponda mafuta) singano ikukhala cha pa 1.2 bar, pa 3,000 rpm ikudutsa 3. Muyezo wa amakaniko ndi wakuti pa 1,000 rpm iliyonse pasachepe 0.7 bar. M'mawa kukuzizira imakwera kwambiri chifukwa oyilo amakhala wolimba, musadabwe nazo.

Ya madzi yalowa pa adaptor yodulira paipi yapamwamba ya rediyeta. Vulani paipiyo muyeze m'kati mwake musanapite kukagula, chifukwa 30, 32 ndi 34 mm zonse zimapachikidwa pamalo amodzi. Dulani masentimita awiri pamene paipi yawongoka, mumange ndi makilampu awiri atsopano. Poyamba singano inangoti zii pansi. Sensa ya waya mmodzi imapeza earth, njira yobwererapo magetsi, kudzera m'mazinga ake, koma apa yakhala pakati pa labala mbali zonse. Kawaya kochoka pa kasikuluwu ka adaptor kupita pa injini ndi kamene kanaidzutsa. Vuto lomweli limabwera mukakulunga thread tape wambiri. Kukulunga kawiri n'kokwanira, zinga loyamba likhale lopanda kanthu.

Pali ziwiri zoti mudziwe pa malo amenewa. Singano imachedwa kunyamuka mpaka thermostat, valavu yolola madzi kupita ku rediyeta, itatseguka, cha m'ma 82°C, popeza madzi sayenda m'paipimo isanatseguke. Choopsa ndi china: madzi akatayika onse, sensa imatsala m'mpweya, singano ikhoza kutsika injini ikupsa. Mukaona yagwa mwadzidzidzi muli pa liwiro, imani pompo. Kumbukiraninso kuti Johannesburg ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,750, madzi opanda chotsekera amawira cha pa 94°C. Chivindikiro cha rediyeta chotopa chimene chingapirire ku Durban, kuno chimakuwiritsirani madzi pa mzere wa magalimoto pa msewu wa M1 madzulo.

Vakyumu ndiye yosavuta: T yaing'ono pa kapaipi kochokera pa manifold, njira yolowetsera mpweya mu injini. Mukatenga pa kabowo ka kabuleta ka pamwamba pa throttle, kachitseko kolowetsa mpweya, pa idle muwerenga ziro. Paipi ya power brake isiyeni. Mabuku amati injini yabwino isonyeze 17 mpaka 21 inHg (muyezo wa vakyumu), koma zimenezo n'za malo otsika a kunyanja. Pa mamita 300 alionse okwera mumachotsapo pafupifupi 1, ndiye 14 amene tikuona pano ndi wabwino. Chofunika n'chakuti singano ikhazikike, isamavine.

Mawaya: moto tautenga pa bokosi la mafyuzi, pa mzere woyaka ndi kiyi, kudzera pa fyuzi ya 5A. Earth ya mageji onse yapita pa bawuti imodzi ya pa injini, osati pa chitsulo cha dashibodi, kuti singano zisamasunthe mukayatsa magetsi akutsogolo. Podutsa pa firewall, khoma la pakati pa injini ndi mkati mwa galimoto, tagwiritsa ntchito grommet, mphete ya labala yomwe inalipo kale, mawaya onse kutali ndi ekizozi.

Chatsala ndi waya wa kuwala kwa usiku. Panopa walumikizidwa pa kiyi, ndiye mageji akuthobwa m'maso mumdima. Loweruka usamukira pa waya wa ma park light, tidzamangitsenso makilampu a paipi ija injini itazizira, chifukwa labala akatenthedwa koyamba amafwamphuka pang'ono.