Nambala 9 inanditemera mphini tsiku la chinkhoswe

Mpaka lero kuchikazi kwanga kuli azakhali ena amene amakhulupilira ndi mtima wonse kuti mwana wawo ndinamutenga ndi mankhwala. Ndafotokoza kambirimbiri, amangogwedeza mutu nkumati "eya eya bambo, tamva" koma maso ali pa masaya angawa. Nde bola ndinene zonse mmene zinayendera.

Ndevu zanga ndi zija zopotana ngati waya wokwechera mapoto, ukameta lero mawa zayamba kale kubwelera mkati mwa khungu, mkuja khosi lonse mabampu okhaokha. Ku babashopu ndinatopako, mashini amodzi anthu makumi angati kaya, kupukuta kwake kongopemelera ka spiriti. Malezala a pulasitiki aja a mipeni itatu nawo mtengo wake umachita ngati ukugula ndiwo za sabata. Ndiye usiku wina bandulo itatsala pang'ono ndinagwera pa YouTube pa mavidiyo a azibambo ometa ndi zometera zachitsulo zija umaikamo lezala wamba lakuthwa uku ndi uku, lomweli timagula pa okala, limene ana asukulu amasongolera pensulo ndipo amayi amawengera zikhadabo. Anthu ake odekha bwanji, thovu lili mbuu kumaso, akulankhula motsitsa ngati abusa pa maliro. Mkangano wawo unali umodzi, chabwino nchiti, chakale kapena chamakono. Ine amene sindinagwirepo ngakhale chimodzi pofika 2 koloko m'mawa ndinali nditasanduka katswiri.

Mtima unkafuna Merkur, ya ku Solingen ku Germany, imene aliyense amaitama. Thumba linakana. Ndinagula china chofanana nacho mu shopu ina mtauni, chopanda ndi dzina lomwe, chonyezimira ngati supuni ya pa ukwati, cha zidutswa zitatu: chogwilira, kambale kapansi ndi kachivindikiro, lezala umalipana pakati nkumanga.

Chakale sindinachite kugula. Agogo aamuna, malemu, anagwirapo ntchito ku migodi ku Joni nthawi ya Wenela, ndipo thiranki lawo lachitsulo likadali kunsi kwa bedi kumudzi ku Ntcheu. Ndili mwana ndinkawaona Loweruka madzulo atakhala pa khonde, kagalasi kothyoka atakatsamiritsa pa mtondo, akupotokola kachitsulo kena kunsi kenako pamwamba pake nkutseguka zitseko ziwiri ngati mapiko a gulugufe. Nditapita kukawauza agogo aakazi za chinkhoswe ndinapempha kuti nditsegule thirankilo. Munali jekete lodyedwa ndi njenjete, chipewa, mapepala achikasu, ndiye pakona mu kachitini ka fodya, icho.

Cholemera, aise. Mkuwa weniweni wokutidwa ndi nickel, chabiliwira m'makona, sopo wa zaka makumi angati atauma mkati ngati chikhokho cha nsima. Kunsi kwa mutu kunalembedwa Gillette, komanso chilembo F ndi nambala 2. Ndinafufuza, chilembocho chimanena chaka ndipo F ndi 1960, 2 ndiye kuti miyezi ya pakati pa April ndi June. Mtundu wake anthu anaupatsa dzina loti Fat Boy kamba ka chogwilira chonenepa, unkapangidwa kuyambira 1958 mpaka 1961 basi. Chinthu chachikulu kuposa bambo anga. Agogo aakazi anangoti "tenga, koma usamale" ine nkumati akunena kuti ndisataye.

Ndinachinyika mmadzi otentha a sopo usiku onse, kuchikwecha ndi mswachi wakale, kupaka spiriti, mpaka chinawala. Chodabwitsa nchoti lezala la pa okala la lero linalowa ndendende ngati anapangira limodzi. Mkulu amene anayambitsa zonsezi, King Camp Gillette, nzeru yake inali yomweyo, chogwilira ugule kamodzi koma malezala uzigula mpaka imfa. Chaka choyamba, 1903, anagulitsa zometera 51 zokha ndi malezala 168, nde inu a geni ya mandasi musamafulumire kutaya mtima.

Pa khosi pa Fat Boy pali kamkombero kozungulira kolembedwa manambala 1 mpaka 9. Pamenepa mupagwire bwino.

Munthu wanzeru akanayeserera sabata imodzi chinkhoswe chisanafike. Ine ndinasunga ndevu masabata atatu dala, kuti tsiku lake ndikatuluke ngati khanda anthu akadabwe, komanso kuti ndithetse mkangano wa pa YouTube uja pa nkhope yanga yomwe. Tsaya lamanzere chamakono, lamanja cha agogo. Chinkhoswe 1 koloko masana ku Area 25, ine 9 koloko m'mawa ndalowa ku bafa ndi beseni, sopo wosambira ndi galasi la mlongo wanga. Malume amene anali ankhoswe anga ali pabalaza kumwa tiyi, tambala womangidwa miyendo ali pakhonde kudikira ulendo.

Ndinayamba ndi chamakono ndipo chilungamo chake chinameta bwino. Mutu wake ndi wofatsa, lezala limangosuzumira pang'ono, umamva kuti kwee kwee ngati ukupala mamba a chambo chaching'ono. Vuto chinkatsekeka ndi ndevu pafupipafupi poti zinali zitakula, ndiye kumasula, kutsuka, kumanganso, manja ali sopo yekhayekha, chogwilira chake chosalala ngati mlamba. Kachitatu ndikumanga chinangoti pululu, pa simenti ngwee. Kutola, mutu uli pawokha chogwilira pachokha, ka sikuluwu kaja kathyokera mkati. Pothyokapo mkati mwake motuwa ngati dothi. Zotchipa zambiri zamakono sizamkuwa ayi, amaumba ndi chitsulo cha zinc chimene amati zamak nkuchikutira chrome pamwamba, chikagwa molakwika kwake kwatha, ngakhale owotchelera a mu msika sangachithandize. Chinakhala ndi moyo mphindi khumi.

Pagalasi tsaya lamanzere losalala theka, kwina konse thengo. Ndinati palibe vuto, akuluakulu alipo.

Ndinatenga cha agogo, kupotokola, gulugufe uja nkutsegula mapiko, kuika lezala latsopano, kutseka. Kenako manambala aja. Ndinaganiza mwa masamu a ku pulayimale kuti 9 ndi wamkulu kuposa 1, fani ukaika pa nambala yaikulu imapemelera bwino, mbaula ya magetsi chimodzimodzi, ndiye 9 ndiye kumeta kwa ma bwana. Mavidiyo onse aja gawo limeneli ndinkalidumpha posunga bandulo. Chimene kamkombero kaja kamachita nkukulitsa mpata pakati pa lezala ndi kachitsulo kotchinga khungu. Pa 1 mpata ndi wochepa, lezala labisala. Pa 9 chitseko chili pululu, lezala lili panja ngati galu wodula tcheni. Komanso ukatseka zitseko zija pamafunika kupotokolanso kotsiriza pang'ono kuti lezala ligwidwe zolimba, ine nditamva kulimba koyamba ndinasiyira pompo kuopa kuthyola chuma cha malemu. Chachitatu, chometera cholemera chonchi sumakanikiza, umangochigoneka mopendeka pang'ono kulemera kwake nkumagwira ntchito. Ine dzanja linazolowera za pulasitiki zija umachita kukanikiza ngati ukupala moto.

Kukoka koyamba sindinamve kuwawa. Ndinamva kaphokoso kokoma, ndevu zikugwa ngati udzu pa chikwakwa, mumtima ndikuti eeh zakale ndi zakale basi, azungu a 1960 sankasewera. Kachiwiri, kachitatu. Kenako thovu loyera lija linayamba kusanduka pinki. Ndinati mwina ka bampu kamodzi. Kupukuta ndi madzi, mizere itatu yoongoka bwinobwino pa tsaya, yotalikana mofanana ngati ndayeza ndi rula, magazi akutuluka mwaulemu kadontho kadontho.

Apa munthu umayenera kusiya. Koma usiya bwanji nkhope ili ngati munda wolima ganyu osalipidwa? Ndinapitiliza, pano dzanja likunjenjemera, ndipo ndikafika pa chibwano tambala uja pakhonde anangoti kokoliliko pafupi ndi zenera la bafa, ine kudzidzimuka, chometera nkuyenda chammbali. Lezala likayenda chammbali silimeta, limacheka. Pa kholingo nde sindinena, mabampu akale onse aja anadulidwa mitu tsiku limenelo.

"Aphwanga, mukupha mbuzi mmenemo?" malume akugogoda.

"Ayi malume, ndikumaliza."

"Nanga kubuula?"

Kubuulako kunali kwa spiriti. Ndinathira mmanja nkudzipaka kumaso konse kamodzi, ndipo ndikuuzani ndinaona makolo anga onse mpaka agogo a thiranki aja atavala jekete lawo akundiyang'ana mokhumudwa. Kenako ndinayamba kumata timapepala ta tishu pabala lililonse, ndinawerenga 14 nkusiya kuwerenga.

Nditatuluka mlongo wanga anagwetsa mbale. Malume anandiyang'ana nthawi yaitali, kuika kapu pansi, nkuti "Mwana wa mlongo wanga, ukanandiuza. Zinthu izi sapanga tsiku lomwelo, ndipo satemera pankhope. Anakunamiza ndani?" Ndinati malume ndi lezala. Anati "Eya, amatemera ndi lezala kumene." Ndinathamanga kukatenga Fat Boy kuwaonetsa, anachitembenuza, kuona pamene kamkombero kaloza, nkuyamba kuseka mpaka kutsokomola. Akuti bambo awo moyo wawo onse sanadutsepo pa 3. Akuti tsiku lina ali mnyamata anachiba nkuika pa 5, kusukulu anajomba masiku awiri. Anandionetsa kachipsera pansi pa khutu kamene ine ndinkayesa ka nthomba.

Nthawi inali itatha. Malume anabweza pa 2, kumanga bwinobwino mpaka kumva kuti kwatsekeka, nkundikhazika pa mpando ngati mwana wa sukulu ya mkaka kumalizitsa zigamba zotsala. Abale, chinthu chomwe chija chinayenda ngati nthenga. Osamva kanthu. Kusalala kwake kuposa tsaya la chamakono lija, ndipo chogwilira chake chili ndi timizere tokhakhala moti ngakhale manja a sopo sichipulumuka. Chinagwaponso kamodzi pa simenti malume akuseka, chinangolira ngwee nkukhala chilili, simenti ndi imene inagumuka pang'ono.

Ku chinkhoswe ndinafika nditavala shati yoyera, cholakwa chinanso, kolala inali itayamba kale madontho. Tishu ndinachotsa mgalimoto koma kamodzi kanatsalira pansi pa chibwano tsiku lonse popanda ondiuza, pa zithunzi zonse kalipo. Mukudziwa nthawi ija amabweretsa atsikana ofunditsidwa zitenje kuti uloze wako, oyamba abodza, anthu nkumaponya ndalama kuti awavundukule. Msuweni wanga wina anakuwa kuti "mmalo mwake mufunditse mkamwiniyo!" holo yonse kugwa nako kuseka. Atamuvundukula mwini wakeyo, anandiyang'ana kumaso, kumwetulira kuja kunazima ngati magetsi, nkundinong'oneza mano ali chilumire: "Mwachita ngozi?" Ndinati ndikuuza kunyumba. Anati "Mundiuza pompano." Ndinati ndimameta. Anati "Ndi khasu?"

Mbali ya kuchikazi azimayi anali akugundana zigongono. Mizere itatu tsaya lamanja, iwiri pachibwano, yoongoka, yatsopano, tsiku la chinkhoswe. Azakhali aja ndinawaona ndi maso angawa akutseka maso kuyamba kupemphera chamumtima milomo ikugwedera. Pamene ankhoswe amasinthana tambala ndi msoti iwo anakana kugwira tambala wathu, akuti kaya wadutsa kuti.

Patapita sabata ndinapita kumudzi kukapereka lipoti kwa agogo aakazi, mabala atauma nkhanambo. Anandigwira chibwano kunditembenuzira ku dzuwa.

"Unaika pa chani?"

"Pa 9 agogo."

"Ndinakuuza kuti usamale. Pa 9 mpamene ndinkaika ine ndikafuna kupala chikopa cha mbuzi agogo ako akapita ku mowa."

Chometeracho ndikugwiritsabe ntchito, pa 3, Loweruka lililonse, ndipo mabampu anachepa poti lezala limodzi limadula ndevu pamwamba pa khungu, silikoka nkudulira mkati ngati a mipeni yambiri aja. Paketi imodzi ya pa okala imandifikitsa kutali. Chamakono chothyoka chija chili pa windo, mkazi wanga amakolekapo ndolo.

Koma zimene sindiiwala ndi za madzulo a chinkhoswe chomwecho, anthu akubalalika, mipando akupakira. Apongozi aamuna, munthu wamkulu, mkulu wa mpingo, anandikodola kuseri kwa holo. Mtima unagunda, ndinati basi ukwati wathera pano. Anayang'ana uku ndi uku, nkutsitsa mawu:

"Bambo, ine sindikuweruzani ayi. Kungoti bondo langali landivuta zaka zitatu, kuchipatala angondipatsa ma panado. Munthu wanu ameneyu amapezeka kuti?"