Zikomo nonse amene munagwirapo pa kanjanji kanga

Abale ndi alongo, kanjanji kaja kayenda. Loweruka ndi Lamulungu lapitali kanali pa chionetsero cha sitima zing'onozing'ono mu holo ya sukulu ina kuno ku Yorkshire, ndipo kanagwira ntchito kuyambira pomwe anatsegula zitseko mpaka anthu kubalalika. Pa khadi lomwe anaika patsogolo pa tebulo panalembedwa dzina langa lokha. Zimenezo zandisowetsa mtendere, chifukwa manja amene anagwirapo ndi ambiri, ena kuno, ena ku Limbe, ena ku Balaka.

Ndikudziwa kuti ena mukuseka kuti bambo wa imvi zake akuseweretsa zidole. Sekani, palibe mlandu, nanenso ndinkaseka ndisanalowe mu kalabu ya okonda sitima zing'onozing'ono. Kuno ku Britain imeneyi ndi ntchito ya manja imene anthu amailemekeza. Munthu amatenga thabwa, n'kuyalapo njanji, n'kumangapo siteshoni, nyumba, mitengo ndi anthu, zonse zochepetsedwa pa muyeso umodzi, kenako sitima n'kumayenda ndi magetsi odzera m'njanji momwemo. Ambiri amapanga za kwawo konkuno, pa muyeso umene amautcha OO, pomwe chinthu chimachepetsedwa ka 76 ndipo pakati pa njanji ziwiri pamakhala mamilimita 16.5. Ine mtima wanga unali kumudzi. Malemu bambo anga ankagwira ntchito yokonza njanji pansi pa Malawi Railways, ndipo ndinkafuna kasiteshoni kakang'ono ka pakati pa Blantyre ndi Balaka, monga ndinkakaonera ndili mwana m'zaka za m'ma 1970. Si siteshoni yeniyeni, ndinangotola apa ndi apo zomwe ndimakumbuka.

Oyamba kuwathokoza ndi madala ena a ku kalabu, amene anagwira ntchito ya zamagetsi mpaka kupuma. Sakonda kutchulidwa, ndiye ndiwasiya choncho. Iwowa ndi amene anandimasulira mfundo yomwe inandimanga poyamba penipeni. Njanji za kwathu ndi zopapatiza, mamilimita 1,067, pomwe za kuno ndi 1,435. Ukangogula sitima ya m'sitolo n'kuipaka utoto wa kwathu, imaoneka ndithu kuti ndi mlendo wobwereka malaya. Madalawo anatenga pensulo n'kuwerengera kuseri kwa envulopu: 1,067 kugawa ndi 64, yankho n'kukhala pafupifupi 16.7. Anati, gwiritsa ntchito njanji zomwezi za 16.5, koma china chilichonse uchimange pochepetsa ka 64. Ndi mmene amachitira anzathu a ku New Zealand, poti njanji zawo ndi zofanana ndi zathu. Vuto lake ndi lakuti pa muyeso umenewu za kwathu sungazipeze pa shelefu. Bogi iliyonse ndinaidula ndekha kuchokera ku mapepala a pulasitiki, mateyala ndi injini n'kuchotsa ku sitima za kaunjika zomwe amagulitsa pa zionetsero. Munthu woimirira amatalika mamilimita 27 okha.

Thabwa lake ndi la pulayiwudi, mita imodzi ndi masentimita 20 m'litali, masentimita 40 m'lifupi, kuphatikizapo kachigawo kobisika kumbali komwe sitima imalowa ngati yapita ku Nkaya. Kayalidwe ka njanji ndinatengera nzeru ya Alan Wright yotchedwa Inglenook: njanji zitatu zoimikapo mabogi, imodzi yokwana asanu, ziwiri zokwana atatu atatu. Pa mabogi asanu ndi atatu umasankha asanu mwa maere, n'kuwasanja m'ndondomeko yomwe maere anena, ndipo masanjidwe ake alipo 6,720. Kanga ndi kochepetsa, atatu, awiri, awiri, poti malo ndi omwewo. Musanyengeke ndi kuchepako. Pa thabwa lalikulu diso la munthu limayendayenda ndipo zolakwika zimabisala. Pa kakang'ono munthu amaweramira, mphuno pafupi ndi denga la siteshoni, ndipo dontho lililonse la guluu amaliona.

Njanji nditangomaliza kuyala, mawaya ndisanalumikize, ndi pomwe sitiroko inandigwetsa. Ambiri mukudziwa, munandipempherera, ena munaimba foni usiku kuchokera kumudzi osasamala za mayunitsi. Mulungu anandikomera mtima, miyendo ndi pakamwa zinabwerera msanga, koma dzanja lamanzere linatsalira. Kugwira supuni inali nkhondo, ndiye kanjanji ndinakakankhira kuseri kwa sofa, mumtima nditagonja.

Anamwino ndi madokotala amene munandisamalira, zikomo. Koma mwapadera mayi uja wophunzitsa mafizo. Atamva kuti kunyumba kuli thabwa lomwe likuchita fumbi, anandiuza kuti m'malo mongofinya kampira tsiku lonse ndizipota mawaya. Sankadziwa kuti akulankhula ndi munthu amene anakula akupanga magalimoto a mawaya, chiwongolero chachitali, mateyala a zitsekerero. Mlambe umene uli kumapeto kwa siteshoni unabadwa choncho. Ndinatenga mawaya a kopa a m'chingwe chakale cha magetsi, kuwamanga mtolo wonenepa kuti likhale thunthu, n'kumawagawa pang'onopang'ono kupita m'mwamba mpaka nthambi zowonda ngati tsitsi, kenako kumata ndi phala lotsekera ming'alu ya khoma. Masiku oyamba dzanja linkanjenjemera, waya n'kumandipulumuka. Nthambi za m'munsi ndi zokhotakhota kuposa za m'mwamba, ndipo ndazisiya dala momwemo. Mlambe weniweni nawonso suwongoka.

Mawaya a pansi pa thabwa sindinawagwire n'komwe. Madala aja ankabwera kunyumba ndi chowotcherera chawo, n'kugona chagada pansi pa tebulo, munthu wa zaka zoposa 70. Chidutswa chilichonse cha njanji anachipatsa waya wakewake m'malo modalira tizitsulo tolumikizira, ndipo pa mphambano, pomwe njanji zimapatukana, anaika switchi yoti magetsi azitsatira komwe sitima ikulowera. Ine ndinkati n'kuchulutsa gaga m'diwa. Iwo anati pa chionetsero anthu amakhululuka nyumba yopendekeka, koma sitima ikaima pa mphambano n'kufuna kukankhidwa ndi chala, amangotembenuka n'kupita pa tebulo lina. Ndaona ndi maso anga kuti ankanena zoona. Anandiletsanso kuwononga ndalama pa DCC, njira ya digito yoyendetsera sitima zingapo pa njanji imodzi. Injini yoyenda ndi imodzi basi, ndiye magetsi wamba a mavoti 12 akwanira. Zolumikizira mabogi tinaika za kampani ya Kadee, maginito titabisa pansi pa njanji, moti bogi imadzimasula yokha popanda dzanja la munthu kutsika kumwamba.

Mwana wanga wamkazi, iwe, bwera kuno ndikuyamike pagulu ngakhale udana nazo. Miyala yonse ya m'njanji anayala ndi iyeyu. Amathira timiyala touma ndi supuni ya tiyi, kutisesa ndi kaburashi kuti pasatsale kamodzi pamwamba pa mitanda, kunyowetsa ndi kautsi ka madzi, kenako kudontheza guluu wa PVA wosakaniza theka ndi theka ndi madzi, muli kadontho ka sopo wotsukira mbale kuti alowerere bwino. Ndi ntchito yofanana ndi kusankha mpunga, sungaithamangire. Mwana wobadwira kuno, amene sitima ya kwathu sanakwerepo, anakhala madzulo ambiri atawerama, foni ataiika pambali. Zitenje za amayi a pa siteshoni anajambula ndi nsonga ya singano.

Pa nkhani ya amayiwa ndiyenera kugwada kwa azakhali anga a ku Balaka. Tinkawatumizira zithunzi pa WhatsApp, iwo n'kumayankha ndi mawu ojambula aatali, tambala akulira kumbuyo. Tizidole ta anthu togula kuno, akazi ake amakhala atavala mathalauza kapena masiketi ofupika. Azakhali atangoona anati, "Amenewa akanagona kupolisi." Lamulo la kavalidwe la 1973 linkaletsa akazi mathalauza ndi zovala zoonetsa mawondo, ndipo linachotsedwa mu 1993. Choncho aliyense tinamumangira chitenje cha pepala lopyapyala lonyowetsedwa ndi guluu, ndi duku kumutu. Anatiuzanso kuti ogulitsa nthochi ndi nzimbe saima mwadongosolo pa pulatifomu, amakhala m'mphepete mwa njanji, malichero atakwezera ku mawindo. Nkhokwe anati tiisunthe, palibe munthu wanzeru amene angamange nkhokwe pafupi choncho ndi njanji. Zakhali, chilichonse munanena tachita, kupatula mbuzi zija munati ndi zonenepa kwambiri pa mwezi wa October. Zimenezo zinali zitauma kale pa guluu.

Ndinasankha October dala, mvula isanagwe. M'masitolo a kuno udzu wa tizidole wambiri ndi wobiriwira, wa dziko la mvula. Ine ndinkafuna wouma, wotuwa, ndi lupsa lakuda kuseri kwa siteshoni komwe ana anatentha posaka mbewa. Dothi lenileni la kwathu ndinkalilakalaka, koma malamulo a kuno salola kulowetsa dothi mwachisawawa, ndiye ndinasakaniza ufa womatira matailosi ndi utoto wofiira mpaka mtundu wa katondo unatuluka. Mizere ya m'munda ndi katoni yomwe ndinaisenda pepala la pamwamba kuti malitalita a m'kati aoneke. Malata ndi mbale za aluminiyamu zogulira chakudya, zodindidwa pa mazinga a bawuti, dzimbiri n'kupaka ndi ufa wa choko. Pa denga lina tinaika timiyala topsinjira.

Achimwene a ku Limbe, inu munayenda wapansi dzuwa likuswa mtengo kukajambula nyumba zakale za njanji ndi mabogi, ndipo munafika mpaka ku Museum ya ku Chichiri kukajambula sitima ya nthunzi ija yaima panja. Nzeru yanu yoimika mwana wanu pambali pa chilichonse, mutandiuza kutalika kwake, ndi imene inandipatsa miyeso. Ndalama ya minibasi munakana. Tidzakambirana ndikabwera.

Mayi a kunyumba, ndayamba ndi ena osati poti ndakuiwalani. Munandisambitsa pomwe sindinkatha, munagwira mashifiti owonjezera ine ndili gone, ndipo tebulo lodyera linasanduka shopu ya ukalipentala kwa miyezi, ife n'kumadyera pa miyendo. Munadandaula, inde, ndipo munali ndi ufulu wonse. Koma tsiku lomwe ndinati thabwalo tikalitaye, ndinu munalitulutsa kuseri kwa sofa n'kulipukuta. Pa zionetsero anthu amaphimba miyendo ya tebulo ndi nsalu yakuda. Inu munati zamaliro ayi, n'kusoka chitenje. Mu holo monse tebulo lathu linkaonekera patali. Mandasi anu nawonso anatha nthawi ya tiyi isanakwane, ndipo madala a ku kalabu akufunsa kuti mudzabweranso liti.

Anzanga a ku tchalitchi amene munkandinyamula kupita ku chipatala, mnzanga wa kuntchito amene unasinthana nane shifiti ya Loweruka, ndi m'bale amene munabwereketsa galimoto yaikulu kuti thabwa ligone bwino osagwedezeka, Mulungu akubwezereni pomwe mwachotsa. Okonza chionetsero, munalandira munthu wachilendo ndi njanji yachilendo, munayeza zamagetsi zanga mosandichititsa manyazi, munandipatsa mpando wautali poona kuti kuima nthawi yaitali kumandivuta. Zikomo.

Pa chionetseropo, m'mawa uliwonse tinkapukuta njanji ndi kansalu konyowetsa ndi spiriti, poti kafumbi kochepa kamadula magetsi. Kupitirira apo ntchito yanga yaikulu inali kuyankha mafunso. Ambiri ankayamba ndi kudabwa kuti ku Malawi kuli sitima. Ndinkawauza kuti njanji inafika ku Blantyre mu 1908 kuchokera kumunsi kwa Shire, kuti mu 1935 inafika ku Salima, chaka chomwenso mlatho wa Dona Ana pa Zambezi unatsegulidwa, kuti mu 1970 inapatuka pa Nkaya kulowera ku doko la Nacala, ndipo pofika 1979 inali ku Lilongwe. Bambo wina wa ku Scotland ataona dzina la Blantyre pa kamapu kanga anayesa ndalakwitsa dziko. Nditamukumbutsa kuti mzinda wathu unatchedwa dzina la kwawo kwa David Livingstone, anaseka n'kukaitana akazi ake.

Ana ndi amene anandisangalatsa kwambiri. Tinaika kabokosi kopondapo kuti aone bwino, ndi timakadi ta maere. Kamtsikana kena kanatola makadi ake n'kuyamba kundilamula: bwererani, siyani yofiirayo, katengeni ya matumba. Kanasanja sitima mwachangu kuposa akuluakulu ambiri, bambo ake akungoyang'ana wotchi. Chowongolera ndinkachigwira ndi dzanja lamanzere, ndipo mwana wanga ndi amene anazindikira, ine ndisanaganizeko.

Kalabu ina yandiitana ku chionetsero chawo chaka chamawa, ndipo ndavomera. Chomwe chikusowa ndi bogi ya anthu. Amayi aja akukweza malichero ku mawindo omwe kulibe, ndipo azakhali sakundipatsa mpumulo pa nkhaniyi. Ndiye ndikupempha: amene muli ndi chithunzi chakale cha mabogi a anthu a Malawi Railways a m'zaka za m'ma 1970, ngakhale chofufuma, ngakhale chomwe agogo anu aima kutsogolo n'kutchinga theka, chijambuleni ndi foni munditumizire. Ndikufunitsitsa kuona mawindo, masitepe okwerera ndi mtundu wa utoto. Ngati alipo amene anagwirapo ntchito pa sitima nthawi imeneyo ndipo angalole kucheza nane, mayunitsi ndi anga.