Turbo Idikire Kaye

Aliyense akamva kuti ndikufuna kumakathamangitsa BMW yanga ku Zwartkops, bwalo la mipikisano ya magalimoto kufupi ndi Pretoria ku South Africa, funso lake limakhala limodzi: turbo muika liti? Turbo ndi chipangizo chokankhira mpweya wambiri mu injini kuti iwonjezere mphamvu. Achimwene ena amene timagwira nawo ntchito ku Kempton Park anafika pondipezera munthu wogulitsa yake motchipa. Ndakana, ndipo ndifotokoze pano kamodzi, ndatopa kuyankha pa WhatsApp.

Galimotoyi ndi 328i ya mtundu wa E36, ya m'zaka za m'ma 1990, imodzi mwa zija ankapanga ku Rosslyn kufupi ndi Pretoria. Injini yake ndi M52, ya malita 2.8 ndi masilinda 6, ndipo ili yatsopano inkatulutsa 142 kW. Kuno ku Gauteng siifika pamenepo. Joni ili pamtunda wa mamita oposa 1,700 kuchokera pa nyanja yamchere, mpweya ndi wochepa, ndiye injini yopanda turbo imataya cha m'ma 15 peresenti ya mphamvu zake. Anzangawa sakunama ayi. Powongoka, Golf GTI ya turbo idzandidutsa ndikuiona.

Koma Zwartkops ndi bwalo lalifupi, makilomita 2.4 basi, ndipo makona ake ndi othithikana. Ukangoti waponda moto, kona ina yafika kale. Pamalo otere chimene chimabweza anthu kunyumba msanga pa track day, tsiku limene anthu wamba amaloledwa kuthamangitsa magalimoto awo pa bwalo, si kuchepa kwa mphamvu. Ndi injini kutentha ndi mabuleki kufooka.

Choncho ndalama zoyamba zapita kumadzi. Amene anakhalapo ndi E36 akudziwa nthenda yake: pulasitiki. Khosi la rediyeta ndi lapulasitiki, nyumba ya thermostat nayo pulasitiki, ndipo ma water pump ambiri a nthawi imeneyo anali ndi zopalasira madzi zapulasitiki mkati. Pulasitiki yomwe yaphikidwa zaka zoposa 25 sichenjeza, imangosweka. Mumzinda ukhoza kuima pambali n'kuimbira makaniko. Pa bwalo, injini ili pa 6,000 rpm, ukamaona muvi wa kutentha uli pofiira ndiye kuti head ya injini yapindika kale. Ndasintha zonse pamodzi, rediyeta, pampu, thermostat, mapaipi, ngakhale zina zinkaoneka zabwinobwino. Kuika turbo pamwamba pa zimenezi kukanakhala kufolera malata atsopano pa nyumba ya maziko ogumuka.

Pali kanthu kenanso kamene sikaoneka. Mu injini za M50 ndi M52, nati yomanga giya ya pampu ya oilo imatha kumasuka galimoto ikamathamangitsidwa kwambiri. Ikamasuka, oilo amasiya kuyenda, injini yatha. Natiyo njotchipa, chowawa ndi ntchito yake, chifukwa mpaka utsitse sampu kuti uifikire ndi kuimanga ndi waya. Makaniko wanga, bambo wachikulire wosakonda zoyankhula, atangomva za bwalo anati, "Aphiri, tiyambe ndi iyoyo, zinazo pambuyo." Sindinatsutse.

Kenako mabuleki. Apa anthu amathamangira ma caliper (zopanira mapadi a mabuleki) aakulu opaka utoto wofiira, poti amaoneka bwino kuseri kwa malimu. Ine ndasiya omwe analipo. Ndasintha mapadi n'kuika opirira kutentha, ndaika mapaipi okutidwa ndi waya, ndipo brake fluid yense wakale ndamutaya. Brake fluid wa mtundu wa DOT 4 akakhala watsopano sayenera kuwira asanafike madigiri 230 Celsius, koma amayamwa chinyezi, ndipo akakalamba malire ake amatsikira ku 155. Akawira, pedulo imamira mpaka pansi galimoto osaima. Wa mipikisano amapirira kufika cha m'ma 300, ndipo mtengo wake sufika n'komwe pa tayala limodzi.

Matayala ndi amene andisowetsa tulo. Ma semi-slick, matayala a pa bwalo a mizere yochepa, amagwira msewu modabwitsa, koma amabisa zolakwa za woyendetsa, ndipo akati ataye, amataya mwadzidzidzi. Munthu wongoyamba amafunika tayala lolira, lomuuza kuti wafika pa malire. Ndagula matayala abwino a mumsewu wamba. Palinso chifukwa china: galimoto yomweyi ndi imene imandipititsa ku ntchito Lolemba, ndipo mvula ya kuno ku Highveld ikagwa masana, msewu wa N12 umasanduka mtsinje. N'chifukwa chake roll cage, zitsulo zotetezera za m'kati mwa galimoto ya mipikisano, nayonso sindiika. Chitsulo pafupi ndi mutu wosavala helemeti ndi ngozi yoposa kusakhala nacho, ndipo kumbuyoko kumakhala ana.

Za kuitsitsa pansi sindikufuna n'kumva komwe. Mabushi akumbuyo ndi zomangira mashoko, zomwe pa E36 zimatha msanga, ndasintha. Masipiring'i akhale omwewo kufikira nditadziwa chimene galimotoyi ikundikaniza pa kona.

Mayi a kunyumba anandifunsa kuti ndalama zonsezi zapita pati, poti galimoto ikuoneka chimodzimodzi ndipo ikulira chimodzimodzi. Funso lake ndi loona. Ekizozi ndi yomwe ija, malimu ndi omwe aja. Zotsala ndasungira helemeti, malipiro olowera pa bwalo ndi mlangizi wokhala nane pampando wa pambali. Ngati padzatsale kena chaka chamawa, ndidzafuna limited-slip diff, yomwe imathandiza kuti matayala onse awiri akumbuyo azikankha, chifukwa potuluka pa kona yothina tayala lamkati limangozungulira pachabe. Achimwene a ku Kempton Park ndawauza kuti turbo ija aipezere wina.