Nyumba yatha, ndipo pakamwa panga patsekuka: zikomo nonse

Abale ndi alongo, Loweruka lapitali tinakhoma lata lomaliza pa nyumba yathu yatsopano kuno kumtunda, ndipo usiku womwewo ine ndi ana tinagona m'nyumba yathuyathu koyamba chichokereni ku Makhanga. Ambiri mwakhala mukufunsa kuti ntchito ili pati. Yatha. Ndati ndilembe pano kuti ndithokoze, koma sindingathokoze bwino ndisanaulule chinthu chimene ndinachisunga mumtima zaka 8.

Mu Januwale 2015, Ruo atasiya njira yake n'kudzera m'midzi mwathu, mchenga unakwirira dimba limene malemu bambo anatisiyira ine ndi achimwene anga. Nthochi zimene zinali m'malire zinapita ndi madzi. Madzi ataphwera achimwene anayamba kulima, ndipo khasu lawo linalowa mbali yanga, kumene chinyontho chimakhalitsa, kumene ndinkakolola chimanga ndi mbatata m'chilimwe. Nkhani inapita kwa amfumu. Panalibe mtengo kapena chulu choti ndiloze, ndipo mlandu unakomera iwo.

Kuyambira tsiku limenelo sindinawapatsenso moni. Pamaliro ndinkakhala kutali ndi alamu anga, ana ndinawaletsa kudya kwa achimwene. Koma kutchalitchi sindinkajomba. Lachinayi lililonse ndinkavala yunifolomu ya Mvano, kuyimba ndinkayimba, chopereka ndinkapereka. Chimene anthu sankaona n'chakuti tikafika pa Pemphero la Ambuye, pamene timati atikhululukire mangawa athu monga ifenso takhululukira amangawa athu, ine ndinkangoyendetsa milomo, mawu osatuluka. Ndinkadziwa kuti ndikawanena ndiye kuti ndikupempha Mulungu andichite zomwe ndinkawachita achimwene. Pang'ono ndi pang'ono pemphero la kunyumba linafupika, linatsala la pachakudya lokha. Ndikagwada usiku, m'malo mwa Mulungu ndinkaona dimba lija, n'kuyambiranso kuzenga mlandu ndekha mumdima.

Namondwe Freddy atafika mu Malichi 2023, nyumba yathu inagwa, mbuzi ndi nkhokwe zinapita. Tinapulumukira pa bwato. Kumsasa tinkagona m'kalasi, mabanja ambirimbiri pamodzi, ndipo achimwene ndi banja lawo anali m'kalasi yoyandikana nayo. Pamzere wolandira ufa tinkaima pafupi, aliyense akuyang'ana kwina. Tangoganizani, anthu awiri obadwa mimba imodzi, onse atsala ndi chitenje ndi ndowa basi, koma akuumirabe mlandu wa malire.

Sabata yachiwiri mwana wanga wotsiriza anatentha thupi kwambiri. Usiku umenewo ndinayesa kupemphera ndipo zinakanika. Mawu ankangothera pamalata. Ndinatuluka kukalira kuseri kwa kalasi, ndipo kumeneko anandipeza agogo ena a Mvano amene anandidziwa ndili kamtsikana. Sanandikalipire. Anati, "Mwana wanga, malungo amabwera ndi udzudzu, usaganize kuti Mulungu akulanga mwanayu chifukwa cha iwe. Mawa upite naye kwa azaumoyo. Koma pakamwa pako pauma chifukwa mumtima muli munthu amene unamumanga." Kutacha anabwereka Baibulo, poti lawo linapita ndi madzi, n'kunditsegulira Marko 11:25, pamene Yesu akuti ukaimirira kupemphera uyambe wakhululuka ngati uli ndi kanthu ndi munthu wina. Limenelo ndinkalidziwa. Limene linandilasa ndi Mateyu 5:23-24, loti ukafika ndi mphatso paguwa n'kukumbukira kuti mbale wako ali nawe chifukwa, uisiye pomwepo, ukayambe wayanjana naye.

Zaka zonsezo ndinkadziona ngati wolakwiridwa basi. Ndinali nditaiwala dala kuti mlandu utatha ndinauza anthu kumjigo kuti alamu anga ndi mfiti, kuti anadyetsa achimwene mankhwala. Kwathu kuno mawu amenewo si ocheza, amatha kuphetsa munthu. Mayi ameneyo anthu ena anasiya kumugula mandasi chifukwa cha lilime langa. Ndiye kuti tchimo limene linatseka pemphero langa silinali la achimwene, linali langa. Salimo 66:18 limanena kuti munthu akasunga choipa mumtima Ambuye samvera, ndipo ine ndinachisunga ngati mbewu ya chaka chamawa.

Ndinapita madzulo ake, agogo aja ali pambuyo panga. Ndinagwada pakhomo pa kalasi, anthu akuona. Ndinati, "Achimwene, alamu, ndinakulakwirani. Mawu aja ndinanama. Za dimba ndazisiya." Alamu analira. Achimwene anangoti, "Ndamva, achemwali," n'kuyang'ana pansi. Sanapepese za malire, ndipo mpaka lero akukhulupirira kuti sanalowe mbali yanga. Dimbalo akulima ndi iwo. Ndikunena izi kuti wina asaganize kuti zonse zinakoma tsiku limodzi. Pali masiku ndikaona mbatata zawo pamsika mtima umanyamukanso, ndipo ndimayenera kukhululukanso mlandu womwe uja. Ndikuganiza kuti n'chifukwa chake Petro atafunsa ngati kukhululukira mbale kasanu ndi kawiri n'kokwanira, Yesu anamupatsa chiwerengero chachikulu chija. Koma usiku umenewo ndinanena Pemphero la Ambuye lonse mokweza, osadumpha mzere, ndipo ndinagona tulo.

Mwana anachira atalandira mankhwala a malungo. Alangizi azaumoyo amene munkazungulira kumsasa kuja, kuyeza ana magazi ndi kuthira klorini m'madzi nthawi imene kolera inali itavuta dziko lonse, zikomo kwambiri. Anyamata a mabwato amene munatinyamula madzi akuthamanga ndi mitengo, ena a inu sindikukudziwani n'komwe, Mulungu akusungeni pamadzipo.

Agogo anga, mukudzidziwa. Simuli pa Facebook, koma mdzukulu wanu akuwerengerani. Mukanandinyengerera usiku uja, bwenzi lero ndili ndi nyumba koma ndilibe mbale. Abusa ndi akulu ampingo, munatiitana kawiri konse n'kukhala nafe pansi mpaka dzuwa kupendeka, kutentha kwa kuno mukukudziwa, koma simunatope nafe. Munandilangizanso kuti bodza limene ndinalinena pagulu ndikalibweze pagulu, ndipo ndinakalibweza kumjigo komwe kuja. Linali tsiku lowawa kuposa logwada lija.

Amfumu amene munatipatsa malo kuno kumtunda, amayi anzanga a banki m'khonde amene munandidikira miyezi itatu osandichititsa manyazi, achinyamata a kwaya amene munaumba njerwa osalandira kanthu koma nsima ya mapira ndi mlamba wouma, mphwanga wodula nzimbe ku Nchalo amene unkatumiza kangachepe pafoni mwezi ukatha: lata lililonse pamwambapa lili ndi dzanja lanu.

Ndipo inu achimwene. Tsiku lotentha uvuni ndinalibe nkhuni zokwanira, ndipo sindinakuuzeni. Mbandakucha ndinangomva ngolo yaima pabwalo, ng'ombe zikupuma mwamphamvu, inu mukutsitsa nkhuni osayankhula. Munachezera moto usiku wonse pamodzi ndi anyamata aja. Alamu, inu munabwera ndi mphika wa thobwa, n'kundipatsa chikho choyamba ndi manja awiri. Zikomo, ana a mayi anga.

Lamulungu likudzali, tikaweruka kutchalitchi, abusa adzabwera kudzapempherera nyumbayi. Amene muli pafupi bwerani, mphasa zilipo. Pemphero lotsekera ndapempha kuti adzapereke achimwene, ndipo avomera.