Ladrón, ladrão, mbava: tsopano zayamba kulowa

Anzanga amene tikulimbana ndi Chisipanishi pa foni, mtima wanga wakhala pansi. Ndinkangoloweza mawu usiku, kukacha zonse zauluka. Chandimasula ndi liwu la wakuba, ladrón. Za ladrona (wamkazi) ndi ladrones (ambiri) sindinenapo, mukuzidziwa kale.

Kuno ku Mchinji, Mozambique ndi pafupi, ndipo kumeneko wakuba m'Chipwitikizi amati ladrão. Nditalemba ladrón ndi ladrão moyandikana kumapeto kwa kope langa, maso anatseguka: pamene Asipanishi amamaliza ndi -ón, Apwitikizi kawirikawiri amaika -ão. Corazón, coração (mtima). Canción, canção (nyimbo). Ataliyana amati ladro. Onsewa agogo awo ndi amodzi, latro wa Chilatini, yemwe poyamba anali msilikali waganyu, kenako n'kukhala chigawenga chodikirira anthu panjira. T uja anafewa n'kusanduka d, monga pater (bambo) anakhalira padre, petra (mwala) n'kukhala piedra. Ndiye si mawu atatu oloweza ayi, ndi liwu limodzi ndi lamulo lake. Liwu lomweli linafika mpaka pa mapu: mu 1521 woyenda panyanja Magellan atafika pachilumba cha Guam m'nyanja ya Pacific n'kuberedwa kaboti, zilumba za kumeneko anazitcha Islas de los Ladrones, kutanthauza zilumba za mbava. Lero ndi Mariana Islands.

Komatu ife izi timachita tsiku ndi tsiku osadziwa. Timati kuba, Atumbuka kwiba, Aswahili kuiba. Ife mbava, Ashona mbavha. Mwana wa ku Kasungu samva kwiba n'kupita kukafunsa dikishonale. Ine ndatsimikiza, njira ndi imeneyi basi, kuloweza mndandanda n'kutaya nthawi.

Chimandiwawa n'choti ku sekondale palibe anatiuza zimenezi. Mphunzitsi wa Chifalansa ankangodzaza bolodi, ife kukopera, belu n'kulira. Pano nthawi ili kuti? Masana kumunda kukumba mtedza, usiku foni yatha moto, bandulo nayo sichedwa.

Chifalansa chomwecho ndi chimene chikundisokoneza. Afalansa wakuba amati voleur, lomwe silikufanana ndi abale aja, ngakhale larron, mbale wa ladrón, alipo m'mabuku akale. Chisipanishi nachonso chili ndi hurto, kuba mwakachetechete, ndi robo, kuba mothyola kapena moopseza, koma onse ochita zimenezi amatchedwabe ladrón. Apa njira yanga yakakamira. Kaya ndipitirire nayo mpaka pa ma verb, kaya mndandanda uja ndiubwererebe pang'ono, sindinaganize bwino.